Tsiku la Manaini Awiri

Ine ndimagulitsa mbatata, nsawa ndi chinangwa pa msika wa Soweto mu Lusaka, mzere wakumbuyo pafupi ndi amayi a tomato, ndipo anthu amanditcha amake Kunda. Sukulu ndinalekera giredi 4. Koma mutandifunsa lero kuti mwezi wakumwamba uli pati, ndikuyankhani osadzutsa n'komwe mutu. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi Eness Kamanga, mnzanga wa kwathu ku Katete, amene anaphikira banja la amwenye ku Woodlands zaka makumi atatu ndi zitatu.

Eness anabwera mu Lusaka mu 1988 ndi mwamuna wake Amock, woyendetsa basi. Patangopita zaka zitatu Amock anamwalira, n'kumusiya ndi kamwana kumsana, Becky. Abale anati abwerere kumudzi, iye anakana. Mayi wina wa ku mpingo wathu wa Reformed ndiye anamuuza kuti banja la a Naik, eni shopu ya utoto ndi misomali ku Kamwala, likufuna wophika. Anapita ndi diresi limodzi lomwelo limene analirira maliro.

Mwini khitchini anali amayi Manjula, kamayi kakafupi, kowuma thupi, koma mawu ake ankamveka mpaka pageti. Chinyanja chawo chinali cha m'shopu, chosadziwa kupatsa munthu ulemu. Tsiku loyamba anamuuza malamulo: nyama isalowe, dzira lisalowe, nsapato zitsale pakhomo. Sabata yachiwiri Eness anatsuka mpunga monga mwa masiku onse, mayi aja n'kukuwa ngati aona njoka. Linali tsiku la agiyarasi.

Agiyarasi ndi tsiku la khumi ndi chimodzi la mwezi wakumwamba, ndipo limabwera kawiri: kamodzi mwezi ukukula, kamodzi ukuchepa. Tsiku limenelo amayi Manjula sankalawa mpunga, tirigu, chimanga kapena nyemba. Ankadya kamodzi kokha dzuwa litapendeka, ndipo ankadya za pansi pa nthaka, zipatso ndi mkaka basi. Eness ankandiuza akuseka kuti, "Amake Kunda, anthu a magalimoto awiri, mpunga uli m'masaka, koma akudzipha ndi njala mwadala. Ife ya 1992 ija tinachita kuifuna?"

Mmenemo ndi mmene tinadziwirana. Tsiku la khumi lililonse ankatulukira pa benchi langa ndi basiketi yake yobiriwira. Kusankha kwake kunali kotopetsa, ine! Mbatata aitembenuze, aikande ndi chala, ainunkhize. Yoboola anankafumbwe ayi, yodulidwa ndi khasu ayi. Nsawa ankafuna za Chalimbana zokhazokha, zazikulu. Ndinkamunena kuti, "Kodi mukugula mbatata kapena mukufunsira mbeta?" Iye maso ali pa mulu basi.

Chaka chawo chonse ndinachidziwira m'basiketi imeneyo. Chimanga chachiwisi chikayamba, mbatata zisanakhwime, kumabwera tsiku lina lalikulu limene amafuna mbatata zivute zitani, ndipo ndinkachita kuitanitsa kwa alimi a ku Chongwe. Mphepo ya fumbi ikayamba, mayi aja ankadya kamodzi patsiku mwezi wathunthu. Kutentha kukayandikira kumabwera masabata awiri okumbukira akufa, pamene Eness ankakwera pa makwerero kukaika mpunga wa mkaka padenga kuti akhwangwala adye. Kenaka masiku asanu ndi anayi a kusala ndi kuvina ku kachisi wawo, kenaka chikondwerero cha nyale mvula yoyamba ili pafupi. Masiku amenewa sakhala malo amodzi pa kalendala yathuyi. Chaka chino ali apa, chaka chamawa asuntha, chifukwa amatsata mwezi.

Kalendala yawo inkachokera ku kachisi ndipo inkapachikidwa kuseri kwa chitseko cha khitchini. Zilembo zake Eness sankaziwerenga. Ankadziwa chizindikiro chimodzi chokha: nambala yawo ya wani imaoneka ngati naini wathu, ndiye khumi ndi chimodzi amalembedwa ngati manaini awiri. Kwa iye ndi kwa ine linali tsiku la manaini awiri.

Bambo Naik anamwalira mu 2015. Patapita zaka zinayi matenda a shuga anawatseka maso amayi Manjula. Shopu inatsala m'manja mwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Hitesh, amene Eness anamupeza ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo tsopano anali bambo wa mimba yake ndi nyumba yake ku Kabulonga. Kuyambira pamenepo Eness ndiye anali kalendala. M'mawa uliwonse akalowa ndi tiyi, mayi aja ankatembenuzira nkhope kukhomo n'kufunsa funso limodzi lomwelo: "Enesi, mwezi uli pati?" Iye amvekere lachisanu ndi chiwiri, kapena lachisanu ndi chinayi, kapena, "Ndi mawa, amayi."

Pa agiyarasi onse a pachaka pali mmodzi woopsa, wa nthawi yozizira, amene osala sakhudza ngakhale dontho la madzi. Mu Juni wa 2022 amayi Manjula anausunga monga mwa chizolowezi, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, shuga ali m'thupi. Cha m'ma 3 koloko masana Eness anawapeza atagwa pakhomo la kachipinda kawo kopempherera, milomo itayera. Anagona m'chipatala masiku anayi. Dokotala ananena mosabisa kuti kusala kwatha, azidya katatu ndi kumwa mapiritsi pa nthawi yake.

Hitesh ankawadziwa amake, kuti zimenezo sangazimve. Anamuitanira Eness kukhitchini, n'kuchotsa kalendala ija pa msomali, n'kuipinda.

"Ba Eness, mami bakafunsa, muzikamba chabe ati siku ikalibe kufika. Saona, ndipo masiku bamaibala. Mukabauza, ni imwe muzabapaya."

Sanalankhule mwankhanza. Anali mwana woopa kutaya amake, basi.

Tsiku la khumi linafika, ine ndasankhiratu mbatata zosalala n'kuziika pambali. Eness osaoneka. Patapita masabata awiri, chimodzimodzi. Foni yake inkangoitana. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinati kapena wapeza wina wa mbatata zokoma kuposa zanga, munthu wa zaka zonsezi osatsanzika n'komwe.

Anabwera yekha kunyumba kwanga ku Kabwata Lamulungu masana, akadali m'bulauzi yoyera ya Chigwirizano cha amayi a mpingo. Nditamuona nkhope mkwiyo unathera pomwepo. Anakhala pa mpando wa pakhonde, madzi anakana, n'kuyamba kulira kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso.

"Ndanama, amake Kunda. Kawiri konse. Munthu wosaona andifunsa, ine n'kumuuza kuti lidakali kutali, n'kumudyetsa mpunga ndi dzanja langali."

Ndinati, "Nanga si dokotala wanena? Bodza lopulumutsa munthu Mulungu amaliona."

"Silikupulumutsa. Azindikira."

Zinali choncho. Mayi aja maso analibe koma khungu linalipo. Anamva mphepo ya Julaye ikulowa pazenera, n'kunena kuti mwezi sungatalike chotere. Sanamukalipire Eness, sanamufunsenso funso lija. Anangoti, "Ngati siniziba siku, nizasunga masiku yonse." Kuyambira pamenepo ankakana chilichonse m'mawa ndi masana, n'kulandira nthochi imodzi ndi kapu ya mkaka madzulo. Inali itatha sabata. Zibangili zinayamba kutsetsereka m'mikono.

Ndinafunsa kuti kodi n'chiyani chimene munthu angafere chotere, tsiku chabe la pa kalendala? Apo ndi pamene Eness anandiuza chinthu chimene anachisunga zaka zoposa makumi awiri. Mu 1980 Hitesh ali ndi zaka ziwiri anadwala malungo a m'mutu, akukomoka, madokotala mpaka anawauza makolo kuti aitane abale. Amayi Manjula anaimirira m'khonde la chipatala n'kulonjeza kwa Mulungu wawo kuti mwanayo akadzuka, iwo sadzalawa mbewu pa agiyarasi mpaka imfa. Mwana anadzuka. Sanauze mwamuna wawo, sanauze mwanayo, poopa kuti angamakule akudziona ngati wolemetsa amake. Anauza Eness yekha, tsiku lina akusenda nsawa, Becky atadwala chikuku, n'kumulumbiritsa kuti asadzanene.

"Muuzeni Hitesh," ndinatero ine.

"Ndinalumbira."

"Ndiye pitirizani kunama."

"Afa."

Kenaka Eness anaimirira kukakwera basi.

Zimene zinachitika Lolemba ndikunena monga anandiuzira mwini wake. Analowa ndi tiyi, anamuika pa tebulo, n'kugwada pambali pa bedi. Anati, "Amayi, ndakunamizani. Agiyarasi awiri apita. Munadya mpunga, ndinakudyetsani ndine." Mayi aja anapinda chala chimodzi, kenaka chachiwiri. Mawu oyamba amene anatuluka sanali okalipa.

"Hitesh ali kuti? Muitane pa foni. Manje manje."

Eness anaimba, n'kuwaika foni kukhutu. Hitesh anayankha ali pakati pa makasitomala, akufunsa ngati pali vuto. Mayi aja ankangomvetsera mwana wawo akupuma ndi kunena kuti halo, halo, misozi ikutsika m'maso osaonawo. Atadula anati, "Ali moyo." Kenaka anati mawa ayambiranso, ndipo awiri anatayikawo awabweza.

Eness anati, "Thupi lanu lakana, amayi. Mukasalanso tikuikani m'manda, ndiye lonjezo alisunga ndani?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza mayi aja ananena okha, monyinyirika, kuti amayi awo ku India ankati munthu akalephera ndi matenda, wina wa m'nyumba akhoza kumusenzera kusalako: mwamuna wake, mwana wake, kapena m'bale wake. Koma mwamuna anapita, abale anatha, ndipo mwana sayenera kudziwa.

"Ndisala ine," anatero Eness.

"Iwe uli na Mulungu wako."

"Ndili naye, ndipo ndikamuuza. Ine funso langa ndi limodzi. Zaka makumi atatu ndaphika muno, ndakusambitsani, bambo ndinawatseka maso ndine. Ndine wa m'nyumba muno kapena ayi?"

Akuti mayi aja anatambasula manja n'kuyamba kumupapasa nkhope, pamphumi, m'masaya, ngati akumuona koyamba. Atatha anati, "Leta vakudya." Anadya mbale yonse ya mpunga wa nyemba, n'kumwa mapiritsi.

Tsiku la khumi lotsatira basiketi yobiriwira inatulukiranso. Atandiuza kuti mbatatazo n'zake, ndinaima manja m'chiuno. Ndinamunena, anthu mpaka anacheuka. Mayi wa Chigwirizano, wovala yoyera, wolalikira Lachinayi, kusalira milungu ya eni ake! Ndinati akulu a mpingo akamva akuvulani bulauzi imeneyo. Iye anandisiya ndithe, akutembenuza mbatata zake.

"Ine kachipinda kawo kopempherera sindigwadamo, amake Kunda. Ndikasala ndimalankhula ndi Yesu wanga yemweyo. Ndimati, Ambuye, mayi uyu analonjeza chifukwa cha mwana, thupi lamukanika, ndamugwirizira. Ngati n'kulakwa, mundiuze ndinu." Anaika mbatata m'basiketi. "Mpaka pano sanandiuze."

Sindinagwirizane nazo, ndipo mwina mpaka lero sindigwirizana nazo kwenikweni. Koma kwa akulu a mpingo sindinapite.

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Funso la m'mawa linabwerera. Likafika tsikulo Eness ankati, "Ndi lero, amayi," n'kuwadyetsa chapati, iye m'mimba muli gwa. Madzulo ankakhala pambali pawo n'kudya mbatata yake ndi nsawa, mayi aja akumvetsera kutafunako kuti atsimikize. Hitesh ankaona amake akunenepa n'kumamuyamikira Eness kuti nzeru yake ija yagwira. Eness ankangoti zikomo.

Amayi Manjula anamwalira mu Ogasiti wa 2024, m'mwezi wawo uja wodya kamodzi. Thupi analitentha monga mwa mwambo wawo, ndipo Eness anaima kumbuyo ndi amayi achimwenye atavala zoyera ngati iwo. Nyumba ya ku Woodlands inatsekedwa. Iye anasamukira kwa Becky ku Chelstone, atatenga basiketi ija ndi kalendala imene anakaipempha yekha ku kachisi.

Ine ndinati basi, zatha. Koma tsiku la khumi, uyo, watsika basi ya ku Chelstone, akukoka mwendo.

"Anati mpaka imfa," ndinamukumbutsa. "Amwalira. Mukusaliranji?"

"Hitesh ali moyo. Ndiyambe ine kuyesa ngati lonjezo latha? Zikakhala kuti silinathe?"

Mwaona mmene mantha amasamukira? Anachoka mwa mayi wachimwenye n'kudzakhala mwa mayi wa ku Katete, osasintha ngakhale pang'ono. Ndipo Eness sanalinso mtsikana. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, magazi akuthamanga, mapiritsi ake ofuna chakudya m'mawa.

Mu Juni wa 2025 linafika lija lopanda madzi. Becky anamuletsa, iye anazemba m'nyumba kuti asamuone, n'kubwera kudzakhala ndi ine pamsika. Cha m'ma 2 koloko ndikupimira munthu nsawa ndinangomva phii kumbuyo. Eness ali gone pakati pa masaka a chinangwa, maso atatembenuka. Amayi a tomato anamuthira madzi kumaso, ine ndinamutsegula pakamwa ndi supuni n'kumumwetsa madzi a shuga. Atatsitsimuka mawu ake oyamba anali akuti, "Mwandimwetsa?" ngati ndamulakwira.

Pamenepo ndiye zinandikwana. Becky atabwera kudzamutenga, ndinamanga chitenje, benchi ndinasiyira mnzanga, n'kuuyamba wapansi mpaka ku Kamwala, kudumpha njanji. Ndinalowa m'shopu ya utoto ija ndi fumbi langa. Hitesh anali pa kauntala, magalasi pamphuno, ndipo anaganiza kuti ndabwera kudzabweza katundu.

"Ndinu a Hitesh? Ine ndine wa mbatata. Mbatata zonse zimene amayi anu anadya pa agiyarasi zinachoka m'manja mwangamu. Mukudziwa chimene ankasalira?"

Anati ndi chipembedzo chabe, anthu akale. Ndinamuuza zonse, makasitomala akumva, antchito ake akumva: za 1980, za khonde la chipatala, za bodza limene analamula, za foni ija ya halo halo, ndi za mayi wa eni ake amene wagwa lero pakati pa masaka chifukwa cha moyo wa bambo wonenepa amene sakudziwa n'komwe. Mawu ena amene ndinanena sindingawabwereze pano. Ndinkayembekeza kuti aitana alonda.

Sanaitane. Anafufuza pokhala, n'kukhala pa chidebe cha utoto. Anavula magalasi. Anati, "Mami sibananiuzeko," kawiri, motsitsa, ngati mwana wotayika pamsika. Ukali wanga unasowa pogwira. Ndinatuluka mwakachetechete, ndipo pobwerera ndinakwera basi.

Eness atamva anandikwiyira koopsa. Anandiimbira n'kunena kuti ndamuchititsa manyazi kwa wakufa, kuti iye analumbira. Ndinati, "Munalumbira ndinu, ine ayi." Anadula foni.

Tsiku la khumi lotsatira ndinaona anthu akupatuka mumzere mwathu. Eness patsogolo ndi nkhope yake yokwiya, kumbuyo Hitesh atanyamula basiketi yobiriwira, nsapato zake zopukuta zikuponda makoko a nthochi. Eness sanandipatse moni. Anangoloza mulu n'kumuuza kuti asankhe. Bambo uja anatola yaikulu kuposa zonse, yoboola mbali yonse. Eness anamumenya padzanja ngati akadali wa zaka khumi ndi zitatu, n'kumuonetsa pokanda ndi ponunkhiza. Anasankha zinayi kwa theka la ola.

"Nizasunga ine manje," anandiuza Hitesh, maso ali pansi. "Ni vanga."

"Tiona," anatero Eness. Pochoka ndiye ananditembenukira n'kunena kuti nsawa zanga za ulendo uno n'zazing'ono. Ndinadziwa kuti wandikhululukira.

Sanamukhulupirire msanga. Miyezi itatu yathunthu ankasala onse awiri, wina ku Kabulonga, wina ku Chelstone, Eness akuti mwina mwanayo aiwala, kapena alawa bisiketi m'shopu osaganiza. Becky ankandidandaulira, ine ndinkangoti musiyeni, ndalankhula kokwanira.

Mu Okutobala, kutatentha, ndinapita ku Chelstone m'mawa kukamuona. Tili pa tiyi foni yake inalira, ndipo poti makutu ayamba kuvuta anaiika pokweza mawu. Anali Hitesh. Munthu ameneyu masiku onse a mwezi ali nawo m'foni mwake, Becky anandiuza, amachita kumuimbira belu. Koma anafunsabe.

"Ba Eness, mwezi uli pati?"

Eness anatseka maso. Kenaka anadzuka, napita kuseri kwa chitseko, n'kuyendetsa chala pa kalendala mpaka pa manaini awiri aja, ngakhale ankadziwa kale.

"Ndi mawa, mwananga. Mpunga mudyeretu lero."

Atadula anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa maliro enieniwo. Atapukuta anati, "Mwamva kafunsidwe kake? Ndi amake enieni." Kenaka anati, "Mawa ndidya."

Mawa lake masana Becky anandiimbira. Anati amake anadzuka m'mawa n'kupempha phala la mgaiwa, koyamba pa tsiku limenelo m'zaka zitatu. Anadya pang'onopang'ono, foni ili pambali pa mbale, supuni iliyonse akuyang'ana foniyo, kuopa uthenga woipa wa Hitesh. Anamaliza, anamwa mapiritsi, n'kukhala pomwepo akuidikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Foniyo sinalire.